Kandulo ya Palafini, ya Phula la Njuchi, ya Soya, Kapena Nyale Yopanda Lawi: Kodi Mapapo Anu Amalandira Chiyani?

Mukagwira supuni yoyera pamwamba pa lawi la kandulo kwa kanthawi kochepa chabe, kunsi kwake kumada bii. Mwaye umenewo sunachokere kwina ayi, unali kale m'kati mwa lawilo, ndipo supuniyo yangouletsa kupsa mpaka kumapeto. Chimene chachitika pa supuniyo chimachitikanso m'chipinda chonse nthawi iliyonse imene lawi lasokonezedwa ndi kamphepo kapena chingwe chatalika mopitirira, kungoti pamenepo mwayewo umamwazika mumpweya umene tikupuma. Anthu ambiri akamafunsa za makandulo ndi thanzi amayambira pa mtundu wa phula, ndipo ogulitsa nawonso amakonda kuti nkhani ikhale pomwepo, koma ine ndaona kuti phula ndi limodzi chabe mwa zinthu zoyenera kuyerekeza, ndiponso si lalikulu kwambiri pakati pa zinthuzo.

Kuti kuyerekezaku kumveke, tiyenera kuyamba taona mmene kandulo imayakira. Phula lolimba silipsa. Kutentha kwa lawi kumasungunula phula la pamwamba, chingwe chimalikokera m'mwamba monga mmene nsalu imayamwira madzi, kenaka phulalo limasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ndi imene imayaka ikakumana ndi okosijeni. Kupsako kukakhala kokwanira, chimene chimatsala ndi nthunzi ya madzi ndi mpweya wa kaboni dayokosaidi basi. Mtundu wachikasu umene timaukonda pa lawi umachokera ku tinthu ting'onoting'ono ta kaboni timene tatentha mpaka kuwala, mfundo imene Michael Faraday ankaonetsa poyera m'maphunziro ake a ku Royal Institution mumzinda wa London m'zaka za m'ma 1800. Lawi likakhala bata, looneka ngati dontho la madzi loima chilili, pafupifupi tinthu tonseto timapsa tisanatuluke, chifukwa m'mphepete mwa lawi kutentha kumafika pafupi ndi madigiri 1,400. Lawi likayamba kuvinavina, tina mwa tinthuto timathawa tisanapse, ndipo umenewo ndiye mwaye.

Choncho kandulo imodzimodziyo imatulutsa zinthu za mitundu itatu malinga ndi mmene ikuyakira. Ikamayaka mwabata imatulutsa tinthu tochepetsetsa zedi tosaoneka ndi maso, timene tambiri timakhala ta mchere wochokera ku mankhwala amene chingwe chimanyikidwamo popangidwa. Ikamayaka mogwedezeka imatulutsa mwaye wakuda wa kaboni. Ikangozimitsidwa, chingwe chikamanyeka popanda lawi, imatulutsa utsi woyera uja wa fungo lamphamvu, umene ndi phula losapsa limene lazizira mumpweya n'kukhala timadontho. Kuwonjezera pa zitatuzi, lawi lililonse lotentha chotero limapanganso mpweya wa nayitrojeni dayokosaidi pang'ono, umene umakwiyitsa njira za mpweya, kaya phulalo ndi la mtundu wanji.

Kukula kwa tinthuti n'kumene kumapangitsa nkhaniyi kukhala ya thanzi osati ya ukhondo wa makoma wokha. Akatswiri amagwiritsa ntchito dzina lakuti PM2.5 ponena za tinthu tosapitirira mamaikulomita 2.5, kutanthauza kuti n'tating'ono kuwirikiza ka 20 kapena 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi la munthu. Tinthu totere timadutsa mphuno ndi khosi n'kukafika m'timatumba ta mkati mwenimweni mwa mapapo, ndipo tochepetsetsa kwambiri, tosafika ngakhale mamaikulomita 0.1, tingathe kulowa m'magazi. Mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatsitsa malire ake, n'kunena kuti mpweya usamakhale ndi PM2.5 yopitirira mamaikulogalamu 15 pa kiyubiki mita imodzi pa avareji ya maola 24, kapena 5 pa avareji ya chaka chonse. Malire amenewa ndi otsika moti makandulo angapo oyaka mogwedezeka m'chipinda chotseka angathe kuwadutsa mosavuta pa nthawi imene akuyakayo.

Dziko la Denmark, kumene anthu amayatsa makandulo ambiri m'nyengo yozizira mazenera ali otseka, ndi kumene nkhaniyi yafufuzidwa mozama. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2013, amene anayeza mpweya m'nyumba 56 za ku Copenhagen, anapeza kuti m'nyumba zimene munkayatsidwa makandulo, makandulowo ankachititsa pafupifupi 60 peresenti ya tinthu tochepetsetsa timene anthu ankapuma ali m'nyumbamo. Patadutsa zaka khumi, ofufuza a pa yunivesite ya Aarhus anaika achinyamata 36 odwala mphumu yosakula kwambiri m'chipinda choyeserera kwa maola angapo, tsiku lina muli utsi wa makandulo, tsiku lina muli utsi wa zophika, tsiku lina muli mpweya woyera, ndipo anapeza zizindikiro zakuti thupi linakwiya ndi utsiwo, kuphatikizapo zizindikiro za kutupa zooneka m'magazi. Komabe ndiyenera kunena mosabisa kuti kandulo si mdani wamkulu wa mpweya wa m'nyumba. Anthu pafupifupi 3.2 miliyoni amene bungwe la WHO linati anamwalira mu 2020 chifukwa cha utsi wa m'nyumba, ambiri anaphedwa ndi utsi wa nkhuni, makala, malasha ndi palafini wophikira. Munthu wamkulu wathanzi amene amayatsa kandulo imodzi mwa apo ndi apo m'chipinda cholowa mpweya alibe chifukwa chochitira mantha. Vuto limakula pamene zinthu zingapo zakumana pamodzi: makandulo ambiri, tsiku ndi tsiku, chipinda chaching'ono chotseka, ndiponso munthu wa mapapo kapena mtima wofooka, khanda, kapena wokalamba.

Mitundu ya phula

Phula la palafini ndi limene lili m'makandulo ambiri padziko lapansi. Limachokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo linayamba kupangidwa mochuluka m'zaka za m'ma 1850, James Young wa ku Scotland atapeza njira yolitulutsira ku malasha ndi miyala yokhala ndi mafuta. Pano ndi bwino kusiyanitsa zinthu ziwiri za dzina limodzi, chifukwa palafini wamadzi wothira m'nyale ndi phula la palafini lolimba ndi zinthu zosiyana kwambiri pa utsi umene zimatulutsa, ngakhale kuti gwero lake ndi limodzi. Mbiri yoipa ya phula limeneli inafala kwambiri mu 2009, pamene ofufuza a pa South Carolina State University analengeza pamsonkhano wa akatswiri kuti makandulo a palafini amatulutsa benzene ndi toluene, pamene a soya satero. Benzene ndi mankhwala odziwika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi, choncho nkhaniyo inadetsa nkhawa anthu ambiri. Koma kafukufuku wina amene anayeza mitundu ingapo ya phula mofanana anapeza kuti makandulo opangidwa bwino, a phula loyengedwa bwino, amatulutsa mankhwala oterewa pamlingo wochepa kwambiri ndiponso wofanana ndithu pakati pa palafini, soya ndi phula la njuchi. Ena mwa kafukufukuyo analipiridwa ndi makampani opanga makandulo, ndipo chimenechi ndi chifukwa chomveka chowerengera zotsatira zake mosamala, koma sayansi ya kupsa imagwirizana nazo: lawi silidziwa kumene phula linachokera, limangodziwa kuchuluka kwa nthunzi imene yafika ndi okosijeni amene alipo.

Pamene palafini amalakwadi ndi pamene sanayengedwe bwino. Phula lotsika, lokhala ndi mafuta otsalira ndi sulufule, limafewa msanga, limayenderera, limanunkha ngati mafuta a galimoto ngakhale lisanayatsidwe, ndipo limachita mwaye wambiri. Kandulo imene mukaigwira imasiya mafuta m'manja, kapena imene imapinda yokha pa tsiku lotentha pang'ono, ikukuuzani kale mtundu wa phula limene ili nalo.

Phula la njuchi ndi lakale kwambiri pa onsewa ndipo ine ndimalikonda pa zifukwa zomveka. Limasungunuka pa madigiri pafupifupi 62 mpaka 64, motero ndi lolimba, limapsa pang'onopang'ono, siliyenderera kwambiri, ndipo lili ndi kafungo kake kachilengedwe kopangitsa kuti lisafunike kuthiridwa zonunkhira. Mfundo yomalizayi ndiyo phindu lake lenileni pa mpweya. Chimene sindingavomereze ndi nkhani yofala yakuti kandulo ya phula la njuchi imayeretsa mpweya potulutsa timphamvu tamagetsi tokoka fumbi. Palibe umboni wa zimenezi, ndipo zimandimvetsa chisoni kuona kholo la mwana wa mphumu likuyatsa kandulo m'chipinda chogona poganiza kuti likuthandiza mwanayo. Chilichonse choyaka chimawonjezera zinthu mumpweya, sichichotsamo.

Phula la soya limapangidwa polimbitsa mafuta a soya ndi haidrojeni, ndipo linayamba kufala m'zaka za m'ma 1990. Ndi lofewa, choncho kawirikawiri limathiridwa m'magalasi kapena m'zitini m'malo moima palokha. Ubwino wake waukulu uli pa nkhani ya gwero, popeza limachokera ku mbewu yobzalidwanso, koma pa nkhani ya mapapo pali zinthu ziwiri zochepetsa ubwinowo. Choyamba, mawu akuti soya pa chikuto satanthauza nthawi zonse kuti phula lonse ndi la soya, chifukwa makandulo ambiri otere amasakanizidwa ndi palafini ndipo mlingo wake sulembedwa. Chachiwiri, makandulo a soya ambiri ndi onunkhira ndipo ali m'magalasi akuya, zinthu ziwiri zimene tiona kuti zimaipitsa mpweya kuposa mmene kusintha phula kungaukonzere. Palinso phula la stearin, lochokera ku mafuta a nyama kapena a kanjedza, limene linatheka kupangidwa chifukwa cha ntchito ya Michel Eugène Chevreul wa ku France m'zaka za m'ma 1820. Ndi lolimba ndipo limaima bwino, koma pa utsi silisiyana kwenikweni ndi anzake.

Chingwe ndi chotengera

Ngati munthu akufuna kusintha chinthu chimodzi chokha chimene chingachepetse mwaye kwambiri, asinthe kutalika kwa chingwe. Chingwe chachitali chimakoka phula lochuluka kuposa limene okosijeni wozungulira lawi angathe kupsereza, ndipo lotsalalo limatuluka ngati utsi wakuda. Opanga makandulo amalangiza kudula chingwe kuti chitsale mamilimita pafupifupi 6 nthawi iliyonse musanayatse, ndiponso kusayatsa kandulo kopitirira maola anayi motsatizana, chifukwa ikayaka nthawi yaitali kunsonga kwa chingwe kumapangika kampira kakuda ka kaboni kamene kamakulitsa lawi. Kandulo ya palafini wamba ya chingwe chodulidwa bwino, yoikidwa kutali ndi zenera, khomo kapena fani, imatulutsa mwaye wochepa kuposa kandulo ya phula la njuchi ya chingwe chachitali yoikidwa podutsa mphepo.

Pa zingwe palinso nkhani ya mtovu, imene ndi yoopsa kuposa zonse zimene tatchula kale. Opanga ena ankaika kawaya ka mtovu pakati pa chingwe kuti chiime chilili phula likasungunuka, ndipo kandulo ikamayaka mtovuwo unkasanduka fumbi lopumidwa kapena lotera pansi pamene ana amakwawa. Mtovu umawononga ubongo wa mwana, ndipo palibe mlingo wake umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Dziko la United States linaletsa zingwe zoterezi mu 2003, ndipo Australia inali italetsa kale, koma si mayiko onse amene ali ndi lamulo lotere kapena amene amayendera katundu wolowa. Zingwe zambiri za kawaya za masiku ano ndi za zinki kapena tini, komabe munthu wamba sangasiyanitse ndi maso. Njira yosavuta ndi kupekesa nsonga ya chingwe cha kandulo yatsopano ndi zala n'kuona ngati muli kachitsulo. Ngati mulibe, ndiye kuti ndi thonje kapena pepala, ndipo nkhawa ya mtovu yatha. Ngati mulimo ndipo wopanga sakudziwika, ine sindingaiyatse m'nyumba imene muli mwana.

Chotengera nachonso chimasintha kayakidwe. Kandulo yaitali yoima payokha imalandira mpweya kuchokera mbali zonse. Kandulo ya m'galasi imayamba bwino phula likadali pamwamba, koma likamatsika, mpweya wozizira wolowa ndi wotentha wotuluka zimalimbana pakamwa pa galasilo, lawi limayamba kugwedezeka lokha ngakhale m'chipinda mulibe mphepo, ndipo mkombero wa galasi umada. Kudako ndi chizindikiro choyenera kuchikhulupirira, chifukwa mwaye umene wamatirira pagalasi ndi gawo chabe la umene watuluka. Galasi lotakasuka pakamwa ndiponso losazama ndi labwino kuposa lopapatiza. Ku Ulaya kuli muyezo wotchedwa EN 15426 woyezera kuchuluka kwa mwaye umene kandulo imatulutsa, ndipo kandulo yolembedwa kuti inayesedwa motero yadutsa mayeso amene zambiri sizidutsamo n'komwe.

Fungo

Apa m'pamene pali kusiyana kwakukulu pakati pa makandulo, kuposa pa phula. Kandulo yonunkhira imapangidwa mwadala kuti itulutse mankhwala mumpweya, chifukwa fungo lililonse limene mphuno yamva ndi mankhwala amene afika m'mphunomo. Ena amatuluka m'phula losungunuka osapsa, ena amadutsa m'lawi n'kupsa mosakwanira. Ambiri mwa mafungo okondedwa amachokera ku gulu la mankhwala otchedwa terpene, monga limonene wa fungo la mandimu, pinene wa fungo la paini ndi linalool wa fungo la maluwa. Paokha mankhwalawa si oopsa kwenikweni pamlingo wochepa, koma akakumana ndi mpweya wa ozoni, umene umalowa m'nyumba kuchokera panja, amasintha n'kupanga mpweya wotchedwa formaldehyde pamodzi ndi tinthu tatsopano tochepetsetsa timene sitinachokere m'lawi n'komwe. Bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, linaika formaldehyde m'gulu loyamba la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu, ndipo WHO imati mpweya wa m'nyumba usapitirire mamiligalamu 0.1 pa kiyubiki mita pa avareji ya mphindi 30. Kandulo imodzi m'chipinda chachikulu kawirikawiri sifika pamenepo, koma formaldehyde amatulukanso ku mipando ya matabwa omatidwa ndi guluu, ku penti ndi ku utsi wa fodya, motero kanduloyo imawonjezera pa mtolo umene ulipo kale.

Mawu akuti mafuta achilengedwe sasintha zimenezi. Limonene wofinyidwa m'makoko a zipatso ndi limonene wopangidwa m'fakitale ndi mankhwala amodzi, ndipo ozoni amachita nawo chimodzimodzi. Kwa munthu wodwala mphumu, wa ziwengo, kapena wovutika ndi mutu waching'alang'ala, fungo lamphamvu palokha lingathe kuyambitsa chifuwa, kubanika, kuyabwa kwa maso kapena mutu, ngakhale mlingo wa mankhwalawo uli pansi pa malire onse olembedwa.

Ambiri akamva zimenezi amasamukira ku njira zonunkhiritsa zopanda lawi, ndipo m'pofunika kuziyerekeza moona mtima. Phula lonunkhira losungunulidwa pa kambale kamagetsi silitulutsa mwaye ndipo silingatenthe nyumba mosavuta, koma limatulutsa fungo lochuluka kuposa kandulo chifukwa phula lonse limasungunuka nthawi imodzi ndipo palibe lawi lopsereza gawo lina. Ofufuza a pa Purdue University analengeza mu 2025 kuti phula lonunkhira loterelo limapanga tinthu tochepetsetsa tochuluka mofanana ndi ta makandulo oyaka, chifukwa cha kukumana kwa terpene ndi ozoni kuja, pamene phula losanunkhira silinapange zoterezo. Makina omwaza mafuta onunkhira mumpweya, timitengo tonyikidwa m'botolo la mafuta, ndi mankhwala opopera, zonsezi zili m'gulu lomwelo: zimachotsa vuto la mwaye n'kusiya vuto la fungo. Lubani ndi zofukiza zina ndizo zoipa kwambiri pa mapapo pakati pa njira zonsezi, chifukwa zimapangidwa kuti zinyeke popanda lawi, ndiye kuti zimakhala nthawi yonse mu mkhalidwe umene kandulo imakhalamo kwa masekondi ochepa chabe ikazimitsidwa. Lipoti la 2001 la bungwe loteteza chilengedwe la ku United States, EPA, linanena kale kuti zofukiza zimatulutsa tinthu ta utsi tochuluka. Ndipo ngati cholinga ndi kubisa fungo la chinyezi kapena nkhungu, palibe njira iliyonse mwa izi imene imathandiza, chifukwa nkhunguyo imakhalabe pakhoma ndipo munthu amapuma zonse ziwiri.

Pamene kandulo ndi yowunikira

Kwa anthu mamiliyoni ambiri kandulo si chokongoletsera koma chowunikira magetsi akazima kapena kumene kulibe, ndipo kwa iwo kuyerekeza kofunika si kwa palafini ndi soya koma kwa kandulo, nyale ya palafini ndi nyale ya LED. Kandulo imodzi imatulutsa kuwala kwa malumeni (muyezo wa kuchuluka kwa kuwala) pafupifupi 12 kapena 13, ndi kutentha kwa mawati pafupifupi 80, kutanthauza kuti pafupifupi mphamvu yake yonse imathera m'kutentha osati m'kuwala. Babu la LED la mawati 9 limatulutsa malumeni pafupifupi 800, kuwala kwa makandulo oposa 60. Chifukwa chakuti kuwala kwa kandulo n'kochepa chotero, munthu wowerenga kapena wosoka amaiyandikira mpaka nkhope yake imakhala pamwamba penipeni pa mpweya wotentha wokwera kuchokera ku lawi, pamene tinthu timakhala tothithikana kwambiri. Mwana wowerenga motero kwa maola awiri kapena atatu usiku uliwonse amapuma zochuluka kwambiri kuposa munthu amene kandulo yake ili patebulo la pakona.

Komabe, pakati pa kandulo ndi koloboyi, kandulo ndi yabwinopo pa mpweya. Kafukufuku wa 2012 anapeza kuti nyale ya palafini ya chingwe chopanda galasi imasandutsa pakati pa 7 ndi 9 peresenti ya palafini wake kukhala mwaye wakuda, mlingo waukulu zedi poyerekeza ndi nkhuni zoyaka. Nyale ya galasi yotchinjiriza mphepo imachepetsa mwayewo kwambiri ngati chingwe chake chasamalidwa, koma zoopsa zina za palafini wamadzi zimakhalapobe, monga kutayika n'kuyambitsa moto ndiponso ana kumwa poganiza kuti ndi madzi. M'malangizo ake a 2014 okhudza mafuta ogwiritsidwa ntchito m'nyumba, WHO inalangiza kuti palafini asamagwiritsidwe ntchito panyumba. Nyale ya LED, kaya ya sola, yotchajidwa kapena ya mabatire, ndiyo yokhayo pa zitatuzi imene sitentha kanthu, choncho situlutsa mwaye, nayitrojeni dayokosaidi kapena kaboni monokosaidi. Kusiyana pakati pa phula ili ndi ilo n'kochepa, koma kusiyana pakati pa lawi ndi kupanda lawi n'kotheratu, ndipo kwa banja lodalira kandulo usiku uliwonse, kanyale kamodzi ka sola koikidwa pamene ana amawerengera kamachotsa gawo lalikulu la utsi umene iwo amapuma madzulo, pamodzi ndi ngozi ya moto wa kandulo yoiwalika munthu atagona.

Makandulo a LED otsanzira lawi lenileni amathandizanso amene akungofuna kuwala kofatsa kwachikasu. Sapereka kutentha ndi moyo wa lawi lenileni, ndipo sindinganene kuti amafanana nalo, koma m'chipinda cha wodwala, cha khanda, kapena pafupi ndi munthu wopumira makina a okosijeni, pamene lawi lililonse ndi loletsedwa kotheratu, ndi okhawo oyenera. Chenjezo lake ndi limodzi koma lalikulu: ang'onoang'ono ambiri amagwiritsa ntchito timabatire tozungulira tooneka ngati mabatani, timene mwana akameza tingathe kuwotcha kummero m'maola awiri okha. Sankhani amene chitseko cha batire chimamangidwa ndi sikuluwu.

Chipinda chenicheni

Utsi womwewo umakhala ndi zotsatira zosiyana malinga ndi kumene wagwera. Kandulo yoyaka m'bafa laling'ono lotseka imadzaza mpweya mofulumira kuwirikiza kangapo kuposa yoyaka pabalaza lalikulu, ndipo makandulo asanu amatulutsa kuwirikiza kasanu, kapena kuposerapo ngati ali moyandikana kwambiri moti kutentha kwa imodzi kukugwedeza lawi la inzake. Pamenepa pali vuto limene malangizo ambiri amalilumpha: timauzidwa kutsekula zenera kuti utsi utuluke, koma mphepo ya pazenera ndi imene imagwedeza lawi n'kuchulukitsa mwaye. Njira yothetsera ndi kulekanitsa zinthu ziwirizi. Kandulo iikidwe pamalo abata, kutali ndi njira imene mphepo imadutsa, zenera la mbali ina litsekulidwe pang'ono, kapena chitseko cholowera m'chipinda china chisiyidwe chotsekula, ndipo kutsekula kwenikweni kwa mazenera onse kuchitike kandulo ikazimitsidwa. Makina osefa mpweya a sefa ya timipata ting'onoting'ono yotchedwa HEPA amagwira tinthu ta utsi bwino, koma sagwira formaldehyde kapena fungo pokhapokha atakhalanso ndi sefa ya makala apadera. Makina otulutsa ozoni amene amagulitsidwa ngati oyeretsa mpweya ndi oyenera kupewedwa, makamaka m'nyumba yokhala ndi zonunkhira, chifukwa amawonjezera chinthu chomwecho chimene chimasandutsa fungo kukhala formaldehyde.

Kazimitsidwe nako kali ndi njira zoyenera kusankhapo. Kuuzira ndi pakamwa kumasiya chingwe chikunyeka n'kumatulutsa utsi woyera kwa kanthawi, ndipo m'kanthawi kameneko mungatuluke utsi wolemera kuposa umene kanduloyo inatulutsa kwa nthawi yaitali ikuyaka mwabata. Kuvindikira lawi ndi kachitsulo kooneka ngati belu kumachepetsa utsiwo. Njira yabwino koposa pa makandulo a m'magalasi ndi onenepa ndi kupinda chingwe ndi kawaya n'kuchiviika m'phula losungunuka, kenaka n'kuchiimikanso, chifukwa phulalo limazimitsa lawi ndi khala lomwe nthawi imodzi, ndipo chingwecho chimakhala chokutidwa kale poyembekezera kuyatsidwanso. Kandulo yaitali yopanda dziwe la phula ikhoza kutengeredwa pafupi ndi zenera lotsekula kapena panja n'kukazimitsidwira komweko. Tinthu tochepetsetsa sititera pansi msanga, ndipo m'chipinda chotseka tingathe kuyandama kwa maola angapo lawi litazima kale, choncho kandulo ya m'chipinda chogona iyenera kuzimitsidwa nthawi yogona isanakwane, mazenera atsekulidwe kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, kenaka m'pamene atsekedwe usiku.